Thonje la pa Nthambi ya Ndimu

Chaka chatha ndinadzichititsa manyazi m'sitolo ina ku Karonga boma. Pakhomo anaimika mtengo wa Khirisimasi wobiriwira bwino, ndipo ine ndi imvi zangazi ndinawerama n'kuyamba kuununkhiza. Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Adada, ndi wapulasitiki umenewo." Ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato, chonsecho ndinali nditavala patapata. Mphuno yanga inkasaka fungo la masamba a ndimu.

Kwathu ku Mlare kunalibe paini. Adada anauona mwambowu ali mnyamata, pamene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo atabwerera kumudzi anausintha kuti ugwirizane ndi kutentha kwathu. Khirisimasi ikayandikira tinkapita kuseri kwa nyumba kukasankha nthambi ya ndimu. Malamulo awo anali akuti ikhale yopanda zipatso, komanso ikhale ya minga yambiri, chifukwa minga ndiyo inkagwira zokongoletsa popanda ulusi. Tinkaizika mu ndowa ya mchenga pabalaza. Amama ankatulutsa chitini cha mapepala onyezimira a maswiti omwe ankasunga chaka chonse, ndi makadi akale omwe mayina a eni ake anali atafufutika. Pomaliza pankabwera thonje la m'munda mwathu, lomwe adada ankati ndi chipale cha kwa azungu. Palibe aliyense m'nyumbamo amene anachionapo chipalecho, koma tinkakangana ndithu pa kagwedwe kake.

Chaka china, ndili mwana, sitinalime thonje. Amama anali ndi pakati, miyendo itatupa, ndipo ntchito yokongoletsa anandisiyira ine. Nthambi ndinasankha ndekha, adada n'kundiyamikira. Koma itaima mu ndowa muja inkaoneka ngati munthu wovala jekete wopanda malaya. Kuchipinda kwa amama kunali chikwama chomwe anakonzeratu cha kuchipatala: zitenje zochapa, lezala, sopo, ndi mpukutu wa thonje loyera kuposa lililonse lomwe ndinaonapo. Ndinadziuza kuti nditsinako pang'ono. Pang'ono pajapo panabala pang'ono pena, mpaka m'manja mwanga munatsala pepala lokha. Madzulo ake onse anauyamikira mtengo wanga, ndipo amama, omwe ankauonera patali ali pamkeka, anangoti ndili ndi dzanja labwino.

M'mawa wa Khirisimasi, belu la kutchalitchi lisanalire, matenda anawayamba amama. Adada anathamanga kukamanga ng'ombe pangolo, ine anandituma kukaitana Abiti Jafali. Amenewa anali oyandikana nafo nyumba, Asilamu ochokera ku Mangochi, ndipo anali ndi okala yogulitsa sopo, mchere ndi palafini. Ndi iwo amene anandiphunzitsa Chichewa chenicheni, cha kusukulu chisanabwere kudzachiwongola. Atafika anatsegula chikwama chija kuti aone ngati zonse zilimo. Anapisa dzanja, anatulutsa pepala lopanda kanthu, kenako maso awo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa nthambi ya ndimu. Anatuluka, ndipo anabwera ndi mpukutu wina wochokera mu okala mwawo. Ngolo inanyamuka, amama atagona pa matiresi, ataluma nsonga ya chitenje.

Masana adada anatumiza uthenga woti zavuta, amama awatengera kuchipatala chachikulu ku boma. Mpunga umene tinausungira tsikulo unaphikidwa ndi Abiti Jafali, koma ine ndinakankhira mbale kumbali. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta: thonje la amama linali limene lija, losankha okha, ndipo mwana ankakana kubwera chifukwa ine ndinalipachika pa minga. Ndinaganiza kuti amama sabwera mpaka nditabweza.

Ndinayamba kulichotsa. Kupachika thonje pa minga n'kosavuta, koma kulichotsa ndi nkhani ina. Linkang'ambika, linkatsalira, ndipo zala zanga zinalasidwa mpaka thonje lina linachita madontho ofiira. Ndinkalitola ndi pansi pomwe, n'kumapemerera fumbi ndi nyerere. Masamba a ndimu anali atayamba kupiringizika ndi kutentha, ndipo fungo lawo linadzaza nyumba yopanda anthuyo. Mchenga wa mu ndowa ndinkauthirira m'mawa uliwonse, ngati kuti nthambi yodulidwa ingasinthe maganizo. Ana anzanga ankadutsa ndi mabaluni, kundiitana kuti tikaonere gule wa malipenga, ine ndili khale pansi ndi ntchito yanga.

Nditamaliza ndinalikulunga m'pepala lake lija n'kupita nalo kuokala. Linali lotuwa, lonunkha ndimu, losakwana ngakhale theka. Abiti Jafali analitsegula, anayang'ana zala zanga, ndipo sanaseke. Anati pali wa njinga amene akupita ku boma, amupatsira. Tsikulo ndinadya mpaka kunyambita mbale.

Amama anabwera chaka chatsopano chitangolowa, atawonda, akuyenda mogwira khoma, atanyamula mlongo wanga Towera. Ine sindinadabwe. Ndinkadziwa chimene chinawachiritsa, ndipo ndinayenda masiku angapo ndi mapewa a dokotala.

Ndakula, ndawerenga timabuku ta zaumoyo tomwe anthu amakulungira mandasi, ndipo ndikudziwa tsopano kuti mwana anagona mopingasa. Thonje linalibe mlandu uliwonse. Komabe ndikakumbukira amama akuyamikira dzanja langa ali pamkeka, osadziwa kuti akuyamikira katundu wawo, ndimadziimbabe mlandu. Nzeru za m'mabuku sizifika pamalo amenewo.

Pa chinkhoswe cha Towera ndinakhala pafupi ndi Abiti Jafali, atakalamba, maso atachita nkhungu. Ndinawafunsa ngati thonje lija linafikadi ku boma.

"Thonje lauve lija? Ndikanawapha nalo mayi ako," anatero akuseka. "Ndinapotera zingwe za koloboyi, linatiunikira mpaka Malichi. Koma iwe, Wongani, tsiku limenelo unadya. Ine ndinkangofuna kuti udye."