Mikono Mazana Atatu

Mkulu wanga anadulidwa mumpingo chifukwa cha njovu. Ndikanena choncho anthu amaseka, ndipo ine zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Tinkakhala ku Kabwata masiku a chipani chimodzi, m'nyumba ya khansolo ya zipinda ziwiri. Bambo anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo. Mkulu wangayo anali mnyamata woti wangoyamba kumene ukalaliki m'tauni, ndipo mafunso sankamuthera pakamwa. Lamlungu lina, pophunzira Malemba, anthu anafika pa nkhani ya chigumula. Iye anaimirira n'kufunsa kuti nyama zonse za padziko zinakwana bwanji m'chingalawa chimodzi, nanga udzu woti njovu ziwiri zidye chaka chathunthu unaikidwa pati. Achinyamata anaseka, koma akuluakulu anangoti tsinya.

Bambo anayankha mwaukalipentala. Loweruka lotsatira anatenga chingwe, n'kuchiyeza ndi mkono wawo, kuyambira pachigongono kufika kunsonga ya chala, n'kupita nacho pabwalo la mpira. Anakhoma zikhomo, mikono mazana atatu m'litali, makumi asanu m'lifupi. Dzuwa linali likuswa mtengo, iwo akukwawa m'fumbi ndi thalauza lawo la kuntchito. Atamaliza anandituma kuti ndikamuitane.

"Taona, mwanawe," anatero. "Ndipo munali nsanjika zitatu. Sizingakwane pamenepa?"

"Ba tate, malo ni yakulu, navomela," anayankha iye. "Manje mikango yenze kudya chani? Nifuna chabe kuziba."

Sanali wachikunja mkulu wanga. Ankapemphera asanadye, ndipo m'kwaya ankaimba besi. Kungoti liuma anatengera bambo ake omwewo. Bwalo la akulu a mpingo linamuitana, n'kumuuza kuti abweze mawu ake pamaso pa anthu. Iye anati funso silipepesedwa. Bambo anali m'bwalomo, ndipo pokweza manja kuti adulidwe miyezi isanu ndi umodzi nawonso anakweza lawo. Anatiuza okha pobwera, akuti mkulu wa mpingo akakondera mwana wake sangadzudzulenso wa mnzake. Ankakhulupirira kuti miyezi imeneyo osadya mgonero imufewetsa mtima. Mayi anangolowa kuchipinda.

Iye analongedza zovala zake n'kukakhala ndi mnzake ku Chelstone. Mwezi wachinayi, akupalasa njinga kupita kuntchito, lole inamugunda. Anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Lamulo la mpingo wathu aliyense ankalidziwa: munthu akafa ali wodulidwa, pamaliro pake sipakhala ulaliki kapena nyimbo. Amayi a mpingo anabwera ndithu, koma osavala yunifolomu. Anatunga madzi, anaphika, anakhala ndi mayi m'nyumba, kukamwa kuli chete. Akulu awiri anawatengera bambo kuseri kwa nyumba, ine ndikutsuka mbale pafupi.

"Akulu anzathu," anatero mmodzi, "mwanayu anatsala miyezi iwiri chabe. Kwaya iimbe, palibe amene adzafunse."

Bambo anapukusa mutu.

"Chaka chatha tinawakaniza mayi amasiye a ku Kamwala aja, mwana wawo anapita opanda nyimbo," anatero. "Amene anakawauza ndine. Ali m'nyumbamu, akusenda anyezi. Ndiwayang'ana bwanji?"

Ndinafuna kuwagenda ndi mbale. Ndinadana nawo tsiku limenelo, sindibisa, ndipo chidanicho chinanditenga zaka kuti chiphwe.

Kumanda kunkangomveka mafosholo ndi dothi likugwera pabokosi. Anzake a m'kwaya anaima kumbuyo, manja ali kumsana. Mayi analephera kupirira, anayambitsa nyimbo imene mkulu wanga ankaikonda, koma mawu anawathera pamzere woyamba ndipo palibe anawalandira. Ine ndinali nditaima pafupi ndi bambo. Nditawayang'ana ndinaona milomo yawo ikugwedera, ikupitiriza pamene mayi analekezera. Sanatulutse liwu ngakhale limodzi, koma anaimaliza nyimboyo, mavesi onse anayi.