Fulasiki ya Mlonda wa M'phiri

Ndili ndi kashopu ku Chikanda, pakati pa ometa tsitsi ndi okazinga tchipisi. Ndimalemba mayina pa makapu ndi mabotolo ndi makina a leza, omwe amaotcha chitsulo ndi kuwala kosongoka ngati singano. Chinthu chikakhala chobulungira ndimachigoneka pa rotale, timawilo ta labala tomwe timachizunguza pang'onopang'ono leza ikamalemba. Chikangoterereka pamenepo, basi chaonongeka. Leza ilibe chofufutira.

N'chifukwa chake ndili ndi lamulo: yamba wachizunguza ndi dzanja uone ngati chikudumpha, uike kathumba ka mchenga m'kati kuti chilemere, kenako uyesere pa tepi ya pepala ndi moto wochepa. Anzanga ogula makina dzulodzuloli ndimawakalipira nalo lamuloli mpaka amandithawa. Pakamwa ndili napo ine.

Sabata yomwe ophunzira a pakoleji ankalandira madigiri awo, makapu anali mbwee pathebulo, aliyense akufuna yake lero lomwe. Ndiye kunalowa amayi ena a ku Mbedza, atavala zakuda. Anamasula chitenje n'kutulutsa fulasiki yachitsulo, yakale, yopindika pang'ono cham'munsi.

"Bambo, iyi inali ya malemu amuna anga," anatero. "Anali mlonda wa nkhalango m'phirimu, woyang'anira moto. Zaka zonsezi amakwera nayo, tiyi ali m'menemu."

Anati tsiku lina bambowo anangogwa ali pantchito, osadwala, osadandaula mutu n'komwe. Kenako anandipatsa kapepala komwe malemuwo anasiya pathebulo kutatsala mwezi kuti amwalire: "Ndakwera. Usandidikire chakudya, udye." Ankafuna mawuwo apite pa fulasikiyo m'kalembedwe ka mwiniwake, kuti akaipereke kwa mwana wawo tsiku lovundukula chiliza.

Kalembedwe kake kanali kokongola, koongoka, ka anthu ophunzira kale. Ndinakajambula kapepalako, n'kuwauza kuti abwere mawa masana.

M'mawa mwake magetsi anabwera mochedwa, ophunzira atadzaza pakhomo, wina mpaka kundiloza chala. Mtima unakwera. Ndinatenga fulasiki ija n'kuiponya pa rotale. Sindinaizunguze ndi dzanja. Kathumba ka mchenga kanali pompo, pafupi ndi chigongono changa, koma sindinakagwire. Za tepi ndiye musanene. Ndinati aaa, ndalemba mabotolo angati ine?

Popindika paja patafika pa timawilo, fulasiki inadumpha, n'kuyamba kugwedera. Ndinamva kaphokoso kake ndili mkati mokangana ndi wophunzira uja. Pomwe ndimatembenuka n'kuti zitatha. Mawu onse analipo, owerengeka bwinobwino, koma onjenjemera. "Udye" uja anachita kukwawa, kutsetserekera pansi ngati walemba ndi munthu wodwalika.

Mayo ine! Ndinaipukuta ndi sipiriti ngati kuti zichoka.

Amayi aja anafika masana. Ndinali nditakonza zonena, zoona zake ndithu, koma nditaona nkhope yawo ndinangowapatsa fulasikiyo. Anailandira ndi manja awiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji zilembozi zikunjenjemera?" anafunsa.

Apa ndi pomwe ndinachimwa. Ndinati, "Amayi, makinawa amangotsatira zomwe aona papepala. Amaona ndi tating'ono tomwe, tomwe maso athu saona."

Ndinkangofuna kudzipulumutsa, asandinyoze pamaso pa makasitomala. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo kukalipako ndikanakulandira. Koma iwo anakhala pansi pa benchi, natulutsa kapepala kaja, n'kumayang'ana uku ndi uku.

"Ndiye kuti dzanja linali litayamba kale kunjenjemera," anatero motsitsa mawu. "Anali akudwala bamboyu. Mwezi wathunthu! Ine kumawathirira tiyi m'mawa uliwonse, kumawatsanzika, osaona kanthu. Ndikanawatengera kuchipatala bwenzi alipo."

"Ayi amayi, si choncho..."

"Musanditonthoze, bambo. Makina aona zomwe mkazi wawo ndinalephera kuona."

Anaikulunga fulasiki m'chitenje muja, nandithokoza. Kundithokoza ine! Ndinawayang'ana akutsika kanjira ka kumsika, koma sindinawatsatire. Wophunzira uja anafunsa ngati kapu yake yatha, ine n'kubwerera ku makina.

Papita zaka ziwiri. Chithunzi cha kapepala kaja chikadali mu kompyuta yanga, zilembo zili nga, zoongoka, dzanja la munthu wamphamvu zake. Kawiri konse ndafika ku Mbedza kuti ndikawaonetse. Ulendo woyamba ndinachita mantha, n'kubwerera pa mpopi wa m'mbali mwa njira. Wachiwiri ndinafunsa nyumba, ndipo mayi woyandikana nawo anandiuza kuti anasamuka, anapita kwawo kumudzi, sakudziwa kuti ndi kuti.

"Anasintha mayi amene uja," anatero. "Amangoti amuna awo anawapha ndi iwo."