Chala Chotupa ndi Tenti ya Kolera

Tsiku lomwe ndinanama kuchipatala, vuto langa linali chala chakuphazi chotupa basi. Mzere unali wautali, tomato wanga ndinali nditamusiya pamsika wa Ulongwe. Namwino ankayenda mumzeremo kusankha odwalitsitsa kuti atsogole. Ine zimenezi zinkandinyansa. Tonse tinalawirira, ena alumphirenji?

Atafika pa ine, ndinagwira pamimba n'kubuula. "Anesi, ndikutsegula m'mimba, ndasanzanso kawiri."

Ndinaiwala kuti inali nyengo ya kolera. Ananditsogozadi, koma ku tenti ya kuseri. Anandipopera mankhwala kumapazi, n'kundigoneka pa bedi loboola pakati, ndowa ili kunsi. Kenako anayamba kundimwetsa madzi a mchere ndi shuga, kapu ikatha kubwera ina. Kuulula ndinkachita manyazi, ndiye ndinkangomeza.

Masana, mayi amene anali kumbuyo kwanga pamzere anadutsa kumpanda, mankhwala awo ali m'manja. "Pepani asisi, tikupemphererani!"

Ananditulutsa dzuwa litapendeka, ndowa ili youma gwa. Namwino uja anandiona ndikutsimphina.

"Nanga chalacho chatani?"

"Iyayi, ndangopunthwa potuluka."

Anamwetulira. "Mubwere mawa, mayi. Mudzakhale pamzere."