Luzi Linatsala Pang'ono Kundisamutsa M'mudzi

Inu owerenga, ine cholembera sindinachigwirepo, akundilembera ndi mpongozi wanga. Ndikuvomera, ukhondo wanga womwewu unanditchulitsa mfiti.

Gulu lathu kuno kwa Nthache lili ndi pampu ya sola yothirira mbande za manachesi. Mawaya ake ndi awiri: wonenepa wopatsa mota mphamvu, ndi kena kowonda kochokera m'thanki, kouza makina ngati madzi adzaza kapena atha. Ankangokhala pansi, mbuzi n'kumawatafuna. Tsiku langa losesa ndinati ayi, uve uwu. Ndinasenda luzi, n'kuwamanga pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, n'kuwapachika pa mphanda. Ndinadziyamikira ndekha.

Kuyambira pomwepo pampu inagwidwa chibwibwi. Ilire, isiye, ilire, isiye, m'thanki muli gwa. Mbande zinayamba kufota. Anthu anakumbukira kuti womaliza kugwirapo ndinali ine. A Chikaonda, apampando athu, ananena poyera: "Agogo, chomwe mwaikapo kachotseni. Apo ayi, mubwerere kwanu ku Zobue." Ine amene ndinathawa nkhondo kumeneko ndili mtsikana, ana onse n'kuberekera konkuno! Kuchitsime amayi anzanga ankasuntha ndowa ndikafika.

Kenako kunabwera mayi wa zamagetsi wochokera ku Boma. Atangoona luzi lija anaseka. Anati mota ikamazungulira, waya wonenepa amasokosa ngati chigayo, pomwe kowondako kamangonong'ona. Ukawagundanitsa, makina samvanso kunong'onako, amamva phokoso n'kuyesa kuti thanki yadzaza.

Ndinati, "Mwanawe, usamasule kaye." Ndinaitanitsa gulu lonse kuti lidzaone ngati vuto ndi ine. Ndinawoloka mtsinje n'kukaima patsidya, onse akundiona. Pampu chibwibwi chomwecho. Nditabwerera, mayi uja anadula luzi, mawaya n'kuwatalikitsa. Kowonda kaja anakaveka chokutira chachitsulo cholumikiza ku nthaka. Apo ndinakhala dala pafupi ndi makina, manja onse pa paipi. Madzi anangoti khuthu, osadukiza!

"A Chikaonda," ndinatero, "mfiti ija yagwira pampu yanu. Tungani."

Anavula chipewa n'kumachipinda. Amayi anaimba nthungululu, omwe aja osuntha ndowa.

Inu owerenga, waya wonong'ona musamugoneke mphasa imodzi ndi wofuula, ngakhale zioneke zaudongo chotani. Chomwe simukuchidziwa, funsani musanamange. Ndipo makina akavuta, itanani wodziwa musanaloze chala nkhalamba. Mbande zija lero zikubereka, ndipo ine sindinasamuke.