Pasiwedi Ndi Dzina Lomwe Unkanditchula Kumbali

Anzanga, ine kusukulu ndine uja wa pakona, pafupi ndi zenera losweka. Sindiyankhula zambiri, ndimangoona. Anthu amandikumbukira foni yawo ikazima basi.

Tsiku lina pa buleki mtsikana wa mpando wakutsogolo anabwera pa desiki yanga. Pano ndimutcha Dimpo, chifukwa akaseka tsaya lakumanzere limalowa mkati.

“Injiniya, akuti iweyo palibe chimakukanika?”

“Akunama.”

“Tione ngati akunamadi.”

Anatulutsa laputopu m'chikwama. Nditayatsa, panangotuluka kabokosi kofuna pasiwedi, china chilichonse chisanayambe. Imeneyo si pasiwedi wamba ayi. Ndi ya BIOS, loko ya mkati mwenimweni mwa makina. Ukayiiwala, laputopu imasanduka thireyi yoperekera tiyi.

“Ndi ya achimwene anga a ku koleji,” anatero. “Anayiiwala, ndipo pulojekiti yawo yonse ili momo. Please, Injiniya...”

Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Anayamba kubwera kwathu tikaweruka. Tsiku loyamba amayi anatsegula chitseko, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mwana iwe wasochera? Wanga uyu sachezeredwa.”

“Ndabwera kwa iyeyo, amayi.”

“Ee! Dikira ndikhale pansi kaye.”

Tinkakhala pakhonde, laputopu ili chagada patebulo. Masikuruwu ndinkawaika m'kapu, iye n'kumawawerenga ngati ana ake. Ndinachotsa kabatire kozungulira ka pabodi ya mkati mwa makina, tinadikira, ndinabwezera. Loko ili pomwepo. Mawa lake chimodzimodzi.

Kunena zoona, anzanga, sindinkafulumira. Ntchito ya masiku atatu ndinayikoka masabata awiri. Ankandibweretsera masiwiti, ankandikonza kolala, ankaseka nthabwala zanga zomwe ngakhale amayi saseka.

“Ukudziwa chani? Iweyo ndiwe different,” anatero tsiku lina atatsamira phewa langa. “Anyamata enawa ndi phokoso chabe.”

Ndinagwetsa sikuruwu, sindinaipezenso mpaka lero.

Kenako ndinapeza timadontho tiwiri tachitsulo pansi pa kachipangizo kotchedwa memore. Ukatigunditsa pamodzi uku ukuyatsa, makina amaiwala loko. Ndinalibe chogwirira chaching'ono, ndiye Dimpo anatulutsa kopanira kake kozulira nsidze. Ndinagunditsa, iye anadina batani...

Inatseguka!

Anakuwa, anandikumbatira, anandipsompsona patsaya. Amayi anatsokomola kukhitchini.

Kuchokera tsiku limenelo, moni anayamba kufupika. Meseji ya m'mawa ankayankha madzulo. “Busy, dear.” Ine n'kumadziuza kuti ndi mayeso.

Patatha mwezi anabweranso nayo.

“Injiniya wanga, kiyibodi ikuvuta. Achimwene akupereka pulojekiti Lachisanu. Ndidzatenga mawa, eti?”

Atapita ndinayatsa kuti ndiyese mabatani. Sindinafufuze kanthu, anzanga, macheza awo anali otsegula kale pasikirini. Chithunzi cha Dimpo, pambali pake timitima titatu.

Achimwene aja analemba: “Babe, kamnyamata kako kaja kakonzanso?”

Iye: “Kakhoswe kanga? Kamangofuna kukasekerera pang'ono, kamatafuna mawaya tsiku lonse. Kadzakhala katamaliza mawa.”

“Usakapsompsonenso, ungadwale.”

“Haha, ndinatsuka mkamwa kawiri!”

Ndinawerenga katatu. Sindinalire. Ndinatenga sikuludiraiva.

Kiyibodi ndinakonza bwinobwino, batani lililonse, chifukwa ndinkafuna kuti adzalembe mosavutika. Kenako ndinalowa mu BIOS muja n'kuika pasiwedi yatsopano. Ndinaikanso ina pa disiki penipeni pomwe pali pulojekiti. Ya pa disiki ilibe timadontho togunditsa. Ungachotse batire, ungapite nayo kwa wokonza aliyense m'tauni, ungayipempherere, siitseguka.

Anadzatenga mawa lake, ndinamupatsa ndikumwetulira. Pasanathe ola anabwerera akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Kutsidya kwa msewu kunali mnyamata wamtali wa ndevu, akuyendayenda.

“Injiniya, yadzitsekanso! Wapanga chani?”

“Achimwene ako ndi awo? Aitane alowe, amayi awaone. Simukufanana bwanji?”

Anacheukira kwa mnyamata uja.

“Ndawerenga zonse,” ndinatero.

“Zinali zocheza chabe, dear, ukudziwa mmene...”

“Pasiwedi ukuidziwa kale. Ndi dzina lomwe umanditchula ine kulibe. Litchule pano, ukundiyang'ana, ndikulembera ndekha.”

Anayang'ana pansi. Anayang'ana kumsewu. Kenako ndi mawu otsika:

“Zoba?”

Limenelo sindinaliwerenge.

“Ayi.”

“Kagalu ka pakhonde?”

“Ayi.”

“Bubu? Waganyu? Iii, tandiuze, nanga ndi liti mwa amenewa?”

Anzanga, ine ndinkadziwa limodzi lokha. Ndinatchera msampha kuti achite manyazi ndi dzina limodzi, iye n'kunditulutsira thumba lonse. Ankawerenga pa zala, ngati akukumbukira zokagula kumsika, ndipo la khoswe anali asanalifike n'komwe.

Amayi anali ataima kumbuyo kwanga. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati.

“Mwana iwe,” anatero mofatsa, “tenga katundu wako uzipita. Wanga uyu ali ndi dzina, ndinamupatsa ndine.”

Ndinatseka chitseko.

Lero ndi Lachisanu. Foni yalira kakhumi ndi kasanu, ina nambala yachilendo. Meseji yomaliza ikuti, “Ukuonongera munthu sukulu, ulibe chisoni?”

Mwina ndilibedi. Pulojekiti yawo sindinafufute, ili momo yonse, ikungodikira mawu amodzi. Akhale pansi awiriwo, akumbutsane zonse zomwe ankanditchula. Akuoneka kuti ali nawo ambiri, adzalipeza.

Chomwe chikundipweteka si laputopu ayi. Ndikakhala pakona panga paja, wina akaseka kutsogolo, ndimayamba kudzifunsa kuti lero akunditchula liti.