Tsiku lomwe ndinakwecha miyala ya Bambo Docherty

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow ndinaipeza pa tiyi wa potuluka m'tchalitchi. Tinali titatha miyezi inayi chifikireni. Bambo a kunyumba ankagwira ntchito yosamalira okalamba, mwana wathu Tadala ali kusukulu, ine ndili khale m'fulati ku Easterhouse kuwerenga mabasi pawindo. Mayi Gondwe, omwe ankatsogolera amayi pampingo pathu, anandikokera pambali kapu ili m'manja.

"Mayi a Tadala, zolemera mumanyamula?"

"Ndine wa ku Ntcheu ine, mayi."

"Basi mawa mupite ku Partick. Mwamuna wa mnzanga wa kuntchito akufuna munthu. Amagulitsa nsomba."

Ndinapita nditakonzeka kupala mamba ndi kutumbula. Ndinapeza kasitolo kofunda, kowala buluu, mathanki agalasi mpaka kudenga, nsomba zonse zili zamoyo ndipo palibe ngakhale imodzi yodya. Mwini wake, a Calum, anali bambo wamtali wa ndevu zaimvi, malaya onyowa mpaka m'zigongono. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandithamangitsira ku thanki ya mbuna, tinsomba towala ta m'nyanja ya Malawi, n'kuyamba kutchula mayina achilatini ngati akundionetsa abale anga. Ndinawauza zoona, kuti nsomba za kwathu ndimazidziwa zili zouma, pamulu, pamsika. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ntchito ndinayamba tsiku lomwelo.

Mbuna zinali zongokopera anthu. Ntchito yeniyeni ya a Calum inali kukhazikitsa mathanki a madzi amchere m'nyumba za anthu, okhala ndi nsomba za m'nyanja yaikulu ndi makorali, tamoyo tomera pamiyala tooneka ngati maluwa. Anandiphunzitsa kuti madzi a pampopi salowa m'thanki yotere. Amayamba adutsa m'makina osefa omwe amatulutsa madzi dontho ndi dontho, kenako timathira mchere wake wapadera m'diramu, pampu n'kumatakasa tsiku lathunthu. Ukatero umadontheza madziwo pa kagalasi ka choyezera mchere, n'kusuzumira ndi diso limodzi kuona ngati mzere waima pa 1.025. Hita iime pa madigiri 25. Pansi pa thanki, m'kabati, mumabisika thanki ina yaing'ono yotchedwa sampu, ndipo m'menemo mumakhala pampu yobweza madzi kumwamba ndi skima, chibotolo chochita thovu chomwe chimatolera zonyansa m'kapu. Kukhuthula kapuyo inali ntchito yanga, ndipo fungo lake sindilifunira munthu.

Malamulo anali awiri: sopo ayi, mafuta odzola m'manja ayi. Lachiwirili linandizunza. Kuzizira kwa Glasgow kopanda mafuta kunandituwitsa manja ngati woumba njerwa, koma sindinaswe lamulo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinkadzitama nazo mumtima.

Nditatha miyezi iwiri tinalandira ntchito yaikulu ku Shawlands. Bambo Docherty, dalaivala wa basi wopuma pantchito, ankakhala okha m'fulati ya pansi, ndipo chifukwa chake sindinafunse. Thanki yawo yakale inali itayamba kudontha pangodya. M'malo moimata, anaganiza zogula yaikulu ya malita 600, yotalika ngati bedi. A Calum anakwawa pansi pa nyumba ndi tochi kukaona mitanda, n'kuichirikiza, chifukwa madzi ochuluka chonchi ndi miyala yake akhoza kutsitsa pansi pa nyumba yakale. Amuna anayi ndiwo analowetsa galasilo. Ine ndinagwira levulo mpaka kathovu kake kanaima pakati, ndinapaka guluu m'mapaipi, ndinayala mchenga watsopano. Tinadzaza madzi n'kuisiya ikuzungulira sabata yathunthu.

Chonsecho chinali cha tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje, ta mizere yoyera, totalika ngati chala. Kakakulu kanali kakakazi, dzina lake Jessie, ndipo kakang'ono kanali Archie. Bambo Docherty anali atakhala nato zaka khumi ndi zinayi. Tinsombato ankatipatsa moni m'mawa asanamwe tiyi, n'kumatiuza za mpira ndi za mvula. Jessie anali ndi mtima wapachala. Dzanja lililonse lolowa m'madzi ankaliluma, ngakhale la mwini wake yemwe ankamudyetsa.

"Musamutengere, hen," anatero Bambo Docherty, Jessie atandiluma koyamba. Hen ndi mmene akuluakulu a kuno amaitanira mkazi mwachikondi. "Ndiye mwini nyumba ameneyu. Ine ndimangokhala nawo."

Tsiku losamutsa tinayamba m'mawa. Nsomba tinaziika m'ndowa yokhala ndi hita ndi kapampu ka mpweya, makorali m'beseni. Miyala ya m'thanki yakale tinaimiza m'ndowa zitatu, m'madzi ake omwewo. Titakhuthula thanki yakaleyo, a Calum anapeza kuti cholumikizira paipi china pansi pa yatsopano chikuchita thukuta.

"Ndikukatenga china ku Partick," anatero akuvala jekete. "Sinditha ola. Nsombazo musazikhudze."

Bambo Docherty nawo anatuluka kukatigulira mabanzi. Ndinatsala ndekha.

Ndinakhala pampando mphindi zisanu, ndipo zinandikwana. Ine ndinaleredwa kuti bwana akachoka asadzakupeze utapinda manja. Ndinasuzumira m'ndowa zija. Miyala inali yakuda, ina yofiirira, yoterera, yomera tiubweya, timphutsi tikutuluka m'mabowo, fungo lake ngati la m'dambo. Ndinayang'ana thanki yatsopano ikunyezimira ndi mchenga wake woyera, mtima wanga n'kukana. Kwathu poto wakuda salowa m'kabati, umayamba wamukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka udzione nkhope. Komanso miyala yomwe ndinkaigwira kusitolo inali yatsopano, youma, ndipo ntchito yanga inali kuitsuka fumbi. Sindinaone kusiyana kwake.

Ndinanyamula ndowa yoyamba kupita nayo kukhitchini, ndinatsegula mpopi wa madzi otentha, ndinatenga burashi yolimba. Sopo sindinamukhudze, lamulo ndinalikumbukira. Ndinakwecha ndikuimba nyimbo ya kwaya, mwala ndi mwala, n'kumaiyala panyuzipepala. Ndowa ziwiri zinali zitatha pamene chitseko chinatseguka. Ndinatembenuka ndikumwetulira, kudikira kuyamikiridwa.

A Calum anaima pakhomo la khitchini n'kuona miyala ili panyuzipepala. Kenako anathamanga kukatsegula windo, n'kundigwira manja kuwatembenuza uku ndi uku. Anafunsa ngati m'maso mukundiyabwa kapena ngati ndikubanika, poti makorali ena omera pamiyala amatulutsa poizoni akapsa ndi madzi otentha. Nditayankha kuti ndili bwino, anakhala pansi pampando wa m'khitchini.

"Sefa ya thanki iyi ndi miyalayo, Esnart," anatero pang'onopang'ono. "Si pampu, si skima. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timadya zonyansa za nsomba. Tatenga zaka khumi ndi zinayi kuti tikwane. Popanda ito nsomba zimasambira mu poizoni wawo womwe."

Ndinafunsa ngati tingabweze nsombazo m'thanki yakale, koma inali yokhuthula, yodontha, mchenga wake wovunduka ukununkha. Kusitolo thanki yokhayo yopatula inali ndi nsomba zongofika kumene zomwe zinali pa mankhwala. Makorali akanatha kukasungidwa kumeneko, koma Jessie ndi Archie analibe kwina kopita. Anayenera kulowa m'thanki yatsopano ndi ndowa imodzi yokha ya miyala yamoyo.

A Calum anati kulakwa ndi kwawo posandiuza, ndipo adzafotokoza okha kwa Bambo Docherty. Ndinakana. Bambo Docherty atalowa ndi pepala la mabanzi, ndinachita zomwe mwana wa kwathu amachita akalakwira wamkulu: ndinagwada pakapeti n'kunena zonse. Mkuluyo anataya mabanzi poganiza kuti ndakomoka.

"Dzukani, hen, dzukani! Maondo angawa sangakudzutseni."

Anapita kukhitchini, natola mwala umodzi, nautembenuza.

"Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mkati mwake ndi moyera chonchi," anatero. Anaubweza panyuzipepala, napita kukakhala pafupi ndi ndowa ya nsomba, n'kuyamba kulankhula nazo motsitsa mawu. Bola akanandikalipira. Ndinalira ndikupukuta sinki.

Miyala yokwechayo a Calum anaitengera kusitolo kukaiviika m'diramu ya madzi amchere, chifukwa zofera m'mabowo zikanaola m'thanki. Nsomba tinazilowetsa madzulo. Chakudya chinachepetsedwa, ndipo ine ndinapempha kuti ndizibwera tsiku lililonse kudzayeza madzi. Umatunga pang'ono m'kabotolo, umadontheza mankhwala, umagwedeza, umadikira. Akakhala achikasu ndiye kuti ali bwino, akabiriwira ndiye kuti poizoni wakwera.

Tsiku lachinayi anabiriwira. Archie anali kumwamba pafupi ndi pamene madzi amagwera, Jessie ali pangodya pansi akupuma mwawefuwefu. Ndinalowetsa dzanja kutunga madzi ena, ndipo Jessie sanacheuke n'komwe. Bambo Docherty anali ataima kumbuyo kwanga. Tonse awiri tinaona kuti sanandilume.

Ndinaimbira a Calum. Anabwera ndi zigubu zisanu ndi chimodzi za madzi osakaniza kale oti tisinthire ena a m'thanki kuti poizoni achepe, koma mumsewu munalibe poimika galimoto. Anazitsitsa pakona, kutali ndithu, n'kuthamangira kwa kasitomala wina yemwe pampu yake inali itaima. Anangondiuza kuti madziwo afanane kutentha ndi mchere ndi a m'thanki, ndipo ndithire mosafulumira. Ndinayesa kunyamula chigubu cha malita 25 pamanja, chinandikhotetsa msana. Ndinavula sikafu, ndinapota nkhata, ndinadzitwika. Maulendo asanu ndi limodzi mumsewu wa Shawlands, mvula ikuwaza, anthu a m'kafe akusuzumira pawindo makapu ali m'mwamba. Mayi wina anaimitsa ngolo ya mwana n'kundiombera m'manja. Bambo Docherty anagwira chitseko ulendo uliwonse, ndipo pa ulendo wachitatu anauza munthu wodutsa kuti, "Ndi katswiri wanga ameneyu."

Ndinamiza hita m'chigubu chilichonse, ndinayeza mchere, ndinakoka madzi akale ndi paipi, ndinathira atsopano pang'onopang'ono mpaka mkono unachita dzanzi. Ndinatero mawa lake, ndi mkuja wake. Basi ya ku Easterhouse ndinkaikwera ndikununkha nyanja. Tadala ankandilandira pakhomo ndi funso limodzi, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow chomwe ndinkachimva theka, ngati Jessie akadali moyo.

Mu sabata yachitatu madzi anakhala achikasu masiku anayi otsatizana. Tsiku lachisanu ndinalowetsa dzanja kukonza hita, ndipo Jessie anatuluka kuseri kwa mwala n'kundiluma pakati pa zala mpaka kadontho ka magazi. Ndinakuwa ndi chimwemwe. Bambo Docherty anabwera akuthamanga ndi ndodo yawo, ndinawaonetsa chalacho, ndipo mkuluyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

Miyala ija inabwerera patatha miyezi iwiri, pamodzi ndi makorali. Inali ndi moyo watsopano mkati, koma kunja inali yoyerabe, ndipo pakati pa inzake yofiirira inkaoneka patali. Ndikabwera kudzakhuthula skima ndinkayang'ana kumbali ndi manyazi. Tiubweya ndi timphutsi tomwe ndinapha sitinabwerere tonse, ndipo Bambo Docherty sanatchulepo.

Kunja kutayamba kufunda anandiimbira foni kusitolo.

"Bwerani mudzaone, hen. Musabwere ndi zida."

Ndinapeza atakokera mipando iwiri pafupi ndi galasi. Jessie ndi Archie anali pa umodzi wa miyala yanga yoyera ija, akujompha pamalo amodzi, kulavula, n'kujomphanso. Ndinaganiza kuti adwala. Bambo Docherty anati ndikhale pansi ndione. Anandifotokozera kuti nsombazi zikafuna kuikira mazira zimayamba zayeretsa pamwala, ndipo zinali zisanachite zimenezi kwa zaka zingapo. Patapita masiku awiri, pamalopo panali timazira ta mtundu wa lalanje tothithikana, Archie akutikupiza ndi zipsepse, Jessie akulondera ndi ukali wake wonse.

"Mwaona? Jessie nayenso amakwecha ngati inu," anatero mkuluyo akundipatsa kapu ya tiyi. "Koma pokwana mazira pokha."

Ndinayeza malowo ndi maso. Sanali kupitirira chikhatho cha mwana.

Lero mathanki ambiri ndimakhazikitsa ndekha, a Calum maondo anawakana kukwawa pansi pa nyumba. Mtima wofuna kuyeretsa chilichonse sunandichoke, ndinabadwa nawo. Koma ndikagwira burashi pafupi ndi thanki ya munthu, ndimayamba ndafunsa mwini wake kuti chomwe ine ndikuchiona ngati litsirocho chakhala m'menemo zaka zingati.