Mabuku a Masamba Omatana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anaganiza zokhala asimilado, munthu wakuda amene boma linkamuwerengera ngati Mpwitikizi. Tinkakhala ku Vila Cabral, tauni imene lero timati Lichinga, ndipo iwo ankatayipa makalata mu ofesi ina ya boma la Apwitikizi. Chikalata cha usimilado ankachifunira ine kwenikweni. Mwana wa munthu wopanda chikalatacho ankathera ku sukulu ya mishoni, kumene theka la tsiku linkapita tikupalira mbatatesi m'munda wa apadiri, pomwe mwana wa asimilado ankaloledwa ku sukulu ya boma. Koma chikalata chisanatuluke, mzungu ankayenera kubwera kunyumba kudzaona ngati timadyera pa tebulo, ngati timagona pa bedi, ndiponso ngati m'nyumbamo mumawerengedwa Chipwitikizi.

Mabuku tinali nawo, kungoti sanali oti bambo angaonetse mlendo. Ankabwera nawo amalume anga a Saide, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza malole pa galaja ya Mpwitikizi wina. Bwana wawoyo akawerenga ankangotaya, iwo n'kumatola. Tinali timabuku ta mapepala achikasu, tonunkha dizilo, ndipo pachikuto pankakhala munthu atavala chinthu chonga mphika wagalasi kumutu. Munali nkhani za anthu opita ku nyenyezi, za mizinda ya pansi pa madzi, za anthu achitsulo. Amalume sankadziwa kuwerenga, choncho Lamulungu lililonse masana ankakhala pakhonde n'kundipatsa buku, ine n'kumawerenga ndi kuwamasulira m'Chinyanja. Mawu ovuta ndinkawaloweza n'kukafunsa kusukulu. Chipwitikizi changa chinakulira pakhonde pamenepo.

Bambo ankadana nazo. Tsiku lina anatipeza tili pakati pa nkhani ya banja lina losochera pa dziko la madzuwa awiri, chombo chawo chitawonongeka.

"Alamu, mukumuwononga mwanayu," anatero. "Limeneli ndi bodza la madalaivala. Buku lenileni limakamba za anthu amene alipo, ndipo ukalinyamula limalemera."

"Walahi, alamu, bodza lake ndi lokoma," anayankha amalume. "Tamusiyani atiuze ngati anthuwa abwerere kwawo."

Bambo anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Pa timabuku tonseto panalibe n'kamodzi komwe kamene anakatsegulapo.

Tsiku la mlendo litayandikira, bambo anapita kwa apadiri n'kubwereka mabuku enieni aja: akuluakulu, achikuto cholimba, zilembo zagolide kumsana. Anakhoma shelefu ya matabwa a bokosi la sopo n'kuwandandalika bwinobwino, ndipo anatiletsa kuwakhudza kuti tingawadetse. Timabuku ta amalume anatiponya m'thumba la mbatatesi kukhitchini. Amayi anatha sabata yonse akuphunzira kugwira foloko, akudandaula kuti nyemba zikuwathawa m'mbale.

Mzungu uja anabwera m'mawa wina wa mu Juni, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Anali munthu wochepa thupi, wachimfine. Anasuzumira kuchipinda, anayang'ana masipuni, kenaka anaima pa shelefu n'kusolola buku limodzi. Atayesa kulitsegula, masamba anakana. Anali omatana m'mphepete, angapoangapo. Masiku amenewo mabuku ambiri a ku Ulaya ankagulitsidwa masamba ake ali opindidwa, ndipo wowerenga ankawadula yekha ndi mpeni akamapita nawo patsogolo. Ife sitinkadziwa zimenezo. Bambo akanadziwa akanangotsegula limodzi, koma ulemu unawachulukira. Mzunguyo anasolola lachiwiri ndi lachitatu, onse chimodzimodzi. Ndiye kuti ngakhale apadiri eni ake anali asanawawerenge.

Anafunsa kuti m'nyumba muno amawerenga ndani. Bambo, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, analoza ine. Munthuyo anatulutsa nyuzipepala m'thumba la jekete n'kundipatsa, ndipo ndinawerenga ndime yonse osapunthwa. Anakweza nsidze n'kundifunsa kumene ndinaphunzirira kuwerenga chotero. Bambo anali atandikonzekeretsa mayankho a mafunso ambiri, koma ili analiiwala. Ndinanena zoona. Anati akufuna kuona, ndipo amayi anapita kukhitchini n'kubwera ndi kabuku ka madzuwa awiri kaja, kali ndi dothi lofiira pachikuto.

Anakagwira ndi zala ziwiri monga mmene munthu amagwirira khoswe wakufa.

"Izi si zolembalemba, ndi zinyalala," anatero m'Chipwitikizi. "Mwanayu ali ndi mutu. Muzimupatsa mabuku enieni." Ndipo analoza shelefu imene anali atangoitulukira kuti palibe amaiwerenga.

"Zoona, Sinyoro, ndimamuuza tsiku ndi tsiku," anayankha bambo. Anavomera ndi mtima wonse, osati chifukwa cha mantha okha. Aka kanali koyamba kuwaona akugwirizana ndi mzungu pa chinthu chimene onse awiri ankachikhulupiriradi. Za chikalata, mzunguyo anatiuza kuti adzabweranso chisanu chikatha.

Kwa bambo, olakwa anali timabuku ta amalume. Masana omwewo anakhuthula thumba lija n'kuponya timabuku tonse pa mbaula. Ndinalira mpaka mutu kupweteka. Amalume atamva, Lamulungu anasiya kubwera. Kenaka bambo anatenga mpeni wa amayi wosendera mbatatesi, n'kuunola, ndipo akaweruka kuntchito ankakhala pa tebulo n'kumadula masamba a mabuku a apadiri, limodzilimodzi, mosamala ngati akusenda mbuzi ya mwini. Mwina ankapinda ngodya ya tsamba kuti lioneke lowerengedwa. Ndinkawayang'ana maso, ndipo sindinawaonepo akutsata mzere. Ntchitoyo inawatengera nyengo yonse yachisanu.

Mzungu atabweranso, mabuku anatseguka bwino. Chikalata chinatuluka, ndipo ine ndinalowa sukulu ya boma.

Pambuyo pake ndinakhala mphunzitsi, ndipo mabuku olemera ndawerenga ambiri, ena okoma zedi, ena ongolemera. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu ophunzira amene amakwinya mphuno akaona mwana ali ndi nkhani ya ku nyenyezi kapena ya mizinda yosaoneka. Sindikangana nawo. Ndimangofunsa kuti mwa nkhani zoterozo anawerengapo iti, ndipo kawirikawiri amasintha nkhani. Bambo anga sindiwaimba mlandu: ankafuna kuti mwana wawo aphunzire, ndipo njira imene anaipeza inagwira ntchito. Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti ndinalowa sukulu ija chifukwa cha mabuku amene palibe anawawerenga, ndikulankhula Chipwitikizi cha m'mabuku amene anapsa.

Amalume anamwalira ndili kale pantchito. Nthawi yomaliza imene ndinakawaona ku Chiuaula, atagona pamphasa, anandifunsa ngati ndinakapezanso kabuku kaja kwinakwake, chifukwa ankafunabe kudziwa ngati banja lija linabwerera kwawo. Ndinawauza kuti ndinafunafuna koma sindinakapeze, ndipo dzina lake lomwe sindinkalikumbukira.